Ulendo wa ku Willowbrook, Kumene Boma Linatsekera Ana Aulumali

Ukatsika chombo chaulere chochokera ku Manhattan, mumzinda wa New York ku America, basi imakutenga mumsewu wa Victory Boulevard mpaka pachipata cha College of Staten Island. Malowa ndi osiririka: kapinga wotchetchedwa bwino, mitengo italiitali, nyumba za njerwa zofiira, ophunzira akuthamangira m'kalasi zikwama zili kumsana. Mlendo wosauzidwa sangadziwe kuti pano m'pamene panali Willowbrook State School, malo amene boma la New York linkasungirako ana aulumali wa ubongo.

Ndinatsata njira ya chikumbutso yotchedwa Willowbrook Mile, ndikuima pa chikwangwani chilichonse. Malo a Willowbrook anawamangira anthu 4,000, koma pofika 1965 anali atathithikana anthu oposa 6,000. Chaka chimenecho Senator Robert Kennedy atawayendera anawayerekeza ndi dzenje la njoka. Mawuwo anamveka, koma anawo anakhalabe momwemo. Kuno n'kumenenso madokotala otsogozedwa ndi Saul Krugman ankapatsira dala ana matenda a chiwindi pochita kafukufuku.

Panyumba ina, imene lero amaphunziriramo, anasiya nambala yake yakale, 19, yolembedwa pakhoma la njerwa. Pentiyo anafwifwa, koma nambalayo ikuwerengeka. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, mtima uli zii, ndikuyang'ana mazenera. M'nyumba ngati zimenezi ana ankagona pansi ali maliseche, atadziipitsira, wowasamalira mmodzi akulimbana ndi chigulu cha ana. Bernard Carabello anakhala kuno zaka 18, pamene vuto lake linali la kayendedwe ndi kalankhulidwe chabe, nzeru zili bwinobwino.

Zinthu zinayamba kusintha pamene zitseko zinatseguka. Mu 1972 Dr Michael Wilkins, yemwe anachotsedwa ntchito atalimbikitsa makolo kudandaula, anapereka kiyi kwa mtolankhani Geraldo Rivera. Kamera inalowa, dziko lonse linaona pa wailesi yakanema. Chaka chomwecho makolo anasumira boma. Mu 1975 boma linasainira chigamulo cholilamula kusamutsira anthuwo m'makomo ang'onoang'ono pakati pa anzawo, ndipo mu 1980 dziko la America linakhazikitsa lamulo lopatsa boma lalikulu mphamvu yosumira malo otere. Willowbrook inatsekedwa mu 1987.

Taonani zakazo: kuchoka pa ulendo wa Kennedy kufika potseka panadutsa zaka 22. Akuluakulu ankadziwa. Chimene chinawakankha ndi makolo osatopa, wantchito wolimba mtima, atolankhani ndi khoti.

Boma likatenga munthu wosatha kudzilankhulira, lasenza udindo wonse wa moyo wake, ndipo liyenera kuyankha. Inu amene m'bale wanu akusungidwa m'malo a boma, pitani mukamuone kawirikawiri, funsani zimene akudya ndi mankhwala amene akumwa, ndipo mukakanizidwa kulowa musakhale chete. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.