Tinakacheza ku Likhubula

Ambiri mwa inu amene mumakhala ku Limbe ndi ku Bangwe mumatunga madzi pampopi tsiku ndi tsiku, koma kodi munayamba mwafunsapo kumene madziwo amachokera? Ena mwa madzi amenewo ndi a mumtsinje wa Likhubula, m'tsinde mwa phiri la Mulanje. Kumeneko ndi kumene ine ndi mwana wanga wachisamba tinapita pa nthawi ya tchuthi.

Tinakwera minibasi ku Limbe, kudzera msewu wa Midima, ndipo tinakatsikira pa Chitakale pamene minda ya tiyi imayambira. Kuchoka apo tinakwera njinga zamoto kulowera msewu wa ku Phalombe. Phiri linali kudzanja lamanja, nsonga ya Chambe itaima chilili ngati khoma. M'njira monse tinali kupishana ndi njinga zakapalasa zitasenza matumba a makala, komanso amayi atasenza mitolo ya nkhuni kuchokera kuphiri.

Pa ofesi ya za nkhalango ku Likhubula tinapeza mnyamata wotiperekeza. Pamenepa ndi pamene alendo ambiri amayambira ulendo wokwera phiri, ena mpaka pa Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002. Ife mawondo athu anangotilola kukafika pa Dziwe la Nkhalamba, ulendo wa pafupifupi ola limodzi. Madzi ake ndi oyera mbee, ozizira ngati achokera m'firiji, ndipo amagwa kuchokera pathanthwe ndi mkokomo woti polankhulana muyenera kukweza mawu.

M'njira tinaona mapaipi akuluakulu. Amenewa ndi a bungwe la Blantyre Water Board, limene kuyambira chaka cha 2019 limatenga madzi muno kupita nawo ku Nguludi kukawayeretsa. Ntchitoyi anaikonza kuti izipereka malita 20 miliyoni pa tsiku. Ubwino wake ndi wakuti madzi amatsetsereka okha kuchokera kuphiri, pamene a ku Walker's Ferry mumtsinje wa Shire amafuna magetsi ochuluka kuti awapope kukwera nawo ku Blantyre.

Mwana wanga anafunsa kuti, “Ababa, nanga madzi onsewa amachokera kuti poti mvula inaleka kale?” Yankho lake lili kutali. Dzuwa, limene lili pa mtunda wa makilomita 150 miliyoni kuchokera kuno, limatenthetsa nyanja yamchere ya India ndi kukweza nthunzi. Mphepo imatenga nthunziyo mpaka kudzagunda phiri la Mulanje. Ikamakwera imazizira, nkusanduka mitambo, nkhungu ndi mvula yowaza ija timaitcha chiperoni, dzina lochokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Mitengo ndi udzu zapamwamba pa phiri zimagwira madziwo, mizu nkuwalowetsa pansi, ndipo amatuluka pang'onopang'ono chaka chonse. Nkhalango ndiyo mtsuko wa phiri.

Koma mtsuko umenewu wayamba kung'aluka. Ndinafunsa wotiperekeza uja kuti, “Achimwene, kodi mkungudza tiuona?” Iye anaseka mwachisoni nati, “Madala, mwachedwa. Mukafuna waukulu muuona pa zitseko za nyumba zakale.” Mkungudza wa ku Mulanje sumera mwachilengedwe kwina kulikonse pa dziko lapansi, ndipo mu 1984 unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu. Matabwa ake amanunkhira ndipo chiswe sichiwadya. Ubwino umenewu ndiwo unauphetsa. Ngakhale boma linateteza nkhalangoyi kuyambira 1927, pa kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Kuyambira 2016 bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi anthu a m'midzi yozungulira abzala mbande zoposa 500,000, koma mdani wake wamkulu ndi moto wolusa, ndipo mkungudza umatenga zaka makumi angapo kuti ukule.

Phiri likakhala dazi, madzi amene akanatsika miyezi khumi ndi iwiri amatsika usiku umodzi. Anthu a kuno amadziwa za napolo. Mu March 1991 madzi, matope ndi miyala zochokera m'phiri la Michesi zinakokolola midzi ku Phalombe. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anabwereza zomwezo ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre. Anthu oposa 600 anamwalira ndipo ena oposa 500 anasowa. Mvula yotere imatha kugumula ngakhale phiri lamitengo, koma pamene palibe mizu yogwira dothi chiwonongeko chimakula.

Namondwe ameneyu sanabwere mobisala. Anayambira kufupi ndi Australia mu February, nakhala masiku 36, nthawi yaitali kuposa namondwe wina aliyense amene analembedwapo. Makina otchedwa masetilaiti, amene ena mwa iwo ali pa mtunda wa makilomita 36,000 mumlengalenga, anali kumujambula tsiku ndi tsiku, ndipo nthambi yathu yoona za nyengo inachenjeza pa wailesi. Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale akhale kutali chotere.

Madzulo tinakhala pakhonde pa nyumba yogona alendo. Kuno phiri limatchinga kum'mawa, koma kumadzulo kuli poyera, ndipo dzuwa litangolowa kunaoneka nyenyezi imodzi yowala kuposa zonse. Ndi yomwe ija timaitcha Nthanda ikatuluka m'bandakucha. Kunena zoona si nyenyezi ayi, koma dziko lozungulira dzuwa ngati lathuli, ndipo akatswiri amalitcha Venus. Kukula kwake ndi pafupifupi kofanana ndi dziko lapansi, koma kutentha kwake kumapitirira madigiri 460. Chifukwa chake si kuyandikira dzuwa kokha, pakuti Mercury ali pafupi kwambiri ndi dzuwa koma satentha chotere. Mpweya wa ku Venus, magawo 96 pa 100 aliwonse ndi wa kaboni, umene umasunga kutentha monga limachitira bulangete.

Dziko lathu lili ndi bulangete lomwelo, koma lopyapyala bwino lomwe. Chiyambire kuwotcha malasha ndi mafuta m'mafakitale, mpweya wa kaboni wakwera kuchoka pa magawo 280 kufika poposa 420 pa miliyoni. Sitidzafika pa Venus, komabe nyanja ikatentha pang'ono imakweza nthunzi yambiri, ndipo namondwe amabwera ndi mvula yochuluka. Utsi wambiri ndi wa maiko olemera, koma nkhwangwa imene ili m'phiri la Mulanje ndi yathu.

Wogulitsa makala sitingangomudzudzula, pakuti amene amagula ndife a m'tauni. Chofunika ndi mphamvu zina. Kuseri kwa phiri lomweli, ku Bondo, bungwe la MEGA limapanga magetsi ndi madzi a mtsinje wa Lichenya, ndipo amayaka m'nyumba, m'sukulu, pachipatala ndi m'zigayo. Ku Salima kuli makina a magetsi a dzuwa a mamegawati 60 amene anatsegulidwa mu 2021. Ku Likhubula konko tinaona timasola pamadenga, ana akuwerenga usiku popanda koloboyi. Koma magetsi a madzi nawonso amadalira mitengo: mtsinje ukaphwa m'chilimwe makina amaima, ukasefukira amawonongeka, monga zinachitikira ku Kapichira mu January 2022.

Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse. Ulemu umenewo suzimitsa moto wa m'tchire. Tsono inu amayi ndi abambo, yesani mbaula ya chitetezo imene imadya nkhuni zochepa, bzalani mitengo pakhomo mvula ikayamba, ndipo chenjezo la zanyengo likamveka musazengereze kusamuka m'mbali mwa mtsinje. Mukapeza mpata, tengani ana mukawaonetse Dziwe la Nkhalamba. Wanga uja chibwerere kumeneko salolanso kuti mpopi uzingodontha usiku wonse.