Tochi inali m'thumba

Tinanyamuka pachilumba cha Domwe dzuwa litalowa kale, ine ndi alamu anga, pa kayaki ya anthu awiri. Munali mu Julaye, ndipo mwera unatitsekera kumeneko tsiku lonse. Utangozizira tinati tiwoloke, ku Chembe si kutali. Kunalibe mwezi. Chapatali nyali za asodzi a usipa zinali zitandandalika ngati mudzi woyandama.

Tochi ndinali nayo, ndipo chimenechi ndicho chimandiwawa mpaka lero. Ndinaikulunga m'pulasitiki kuti isanyowe, n'kuiponya m'thumba, thumbalo n'kulitsekera m'kabowo kosungira katundu kumbuyo kwa kayaki. Kuti munthu alifikire ayenera kusiya nkhafi, kupotoloka thupi lonse, n'kumasula chivundikiro.

Tili pakatikati tinamva injini. Usiku pamadzi phokoso limanyenga, sudziwa kumene likuchokera. Kenako ndinaona timagetsi tiwiri, kofiira ndi kobiriwira, tili pamodzi. Ndinkaganiza kuti poti ife tikuliona botilo, nalonso likutiona. Koma kayaki ndi kanthu kotsika, kongotuluka pang'ono pamwamba pa madzi. Mumdima siisiyana ndi funde.

"Alamu, limenelo likubwera kuno! Yatsani tochi!" anakuwa alamu anga.

Zala zanga zinali zikulimbana ndi chivundikiro pamene boti linatiwomba kutsogolo, kumene anakhala alamu. Ndinapezeka ndili pansi pa madzi, osadziwa kumwamba n'kuti. Jekete yoyandamitsa ndiyo inandibweza. Ndinaitana alamu kangapo asanayankhe, ndipo atayankha mawu awo sanali awo. Chopalasira cha injini chinali chitawatema mkono wamanja.

Woyendetsa botilo anabwerera natitola yekha. Njira yonse ankangoti, "Abale anga, sindinakuoneni." Sindimusungira mlandu. Akanaona chiyani?

Pambuyo pake ndinamva kuti nyali yofiira imakhala kumanzere kwa boti, yobiriwira kumanja, yoyera kumbuyo. Ukaona yofiira ndi yobiriwira nthawi imodzi, dziwa kuti lalunjika pa iwe. Ndinamvanso za malamulo a mayiko onse opewera kugundana kwa zombo, a chaka cha 1972. Ndime 25 imanena za ife opalasa ndi manja: ngati tilibe nyali zoikika, tikhale ndi tochi kapena nyali yowala moyera pafupi pomwepo, ndipo tiiyatse nthawi ikadalipo kuti tisagundidwe. Lamulolo silikhutira ndi kungokhala nayo. Limafuna ikhale pofikira dzanja. Yanga inali kumbuyo kwa msana wanga.

Mkono wa alamu unapola, koma zala zitatu sizipinda, ndipo nkhafi sangaigwirenso. Mlongo wanga sanandinenepo mawu oipa ngakhale amodzi. Masiku ano tochi ndimaimangirira pachifuwa pa jekete, pamodzi ndi wezulo. Ndikamakankhira kayaki m'madzi madzulo, alamu amabwera kugombe, n'kuyatsa tochiyo okha ndi dzanja lamanzere kuti aone ngati mabatire ali ndi moto.