Chingwe cholendewera

Agalu ambiri m'matauni mwathu ali m'magulu awiri. Ena amakhala pa tcheni kapena m'kakhola tsiku lonse, n'kumasulidwa usiku kuti alondere. Ena sanavalepo kanthu m'khosi chibadwire, amangoyendayenda m'misika ndi kudzala. Galu woyenda pambali pa mbuyake, chingwe chili lende, ndi wosowa moti anthu amacheuka akamuona. Ine ndimayenda ndi wanga m'misewu ya ku Chilomoni m'mawa uliwonse, ndipo ambiri amandifunsa kuti, "Achimwene, ameneyu munamugula kwa azungu?" Ayi ndithu. Fumbi ndi galu wachikuda, wamakutu osongoka ndi mchira wopindika, ndipo amadya nsima ya gaga ngati anzake onse.

Chimene ndaona ndi chakuti chingwe pachokha sichiphunzitsa galu. Chimangoteteza kuti asathawe pamene akuphunzira chinthu chimodzi chofunika, chomwe ndi kucheukira mbuyake n'kuona kumene akulowera.

Galu amakoka chifukwa mayendedwe ake ndi achangu kuposa athu, komanso chifukwa kukokako kumamupindulira. Akakoka n'kufika pa mtengo umene amafuna kununkhiza, waphunzira kuti kukoka n'kothandiza. Inu mukamukokera m'mbuyo, thupi lake limangolimbira kutsogolo. Amene anakokerapo mbuzi kumsika akudziwa zimenezi.

Ndiye ine ndinkachita chonchi: chingwe chikangokungika, ndinkaima nji ngati chitsa. Osakalipa, osamukoka. Fumbi ankalimbana nacho, kenako n'kucheuka ngati akufunsa kuti chavuta n'chiyani. Akangocheuka chingwe n'kulendewera, ndinkati "Eya!" n'kumupatsa kausipa kamodzi, ulendo n'kupitirira. Masiku oyamba tinkatha mphindi 10 tisanafike n'komwe pa mpopi wa pakona, ndipo amayi otunga madzi ankaseka poona bambo wamkulu akuima-ima ngati minibasi yofuna makasitomala. Mphoto iyenera kubwera pompopompo, pasanathe sekondi imodzi kapena ziwiri. Mukachedwa n'kupisa m'thumba, galu amaona ngati mwamuyamikira pa zimene akuchita panthawiyo, mwina wayambanso kale kukoka. N'chifukwa chake usipa ndinkaugwiriratu m'dzanja la mbali imene iye akuyenda.

Tinayambira m'kati mwa mpanda, momwe mulibe zosokoneza, kwa mphindi zisanu zokha, kawiri pa tsiku. Kenako panja pa geti m'bandakucha, ndipo pambuyo pake m'pamene tinapita kumsewu wa njinga za kabaza ndi ana asukulu. Lamba wa m'khosi akhale wophwatalala, wotheka kulowetsa zala ziwiri pansi pake. Tcheni chothina galu akakoka chimavulaza kholingo, ndipo waya kapena chingwe cha nayiloni chopyapyala chimacheka khungu. Za chikwapu ndiye sindigwirizana nazo m'pang'ono pomwe. Galu womenyedwa amaphunzira kuopa dzanja la munthu, ndipo dzanja limene lidzamuyandikire mosayembekezera tsiku lina likhoza kukhala la mwana wanu.

Muzimulolanso kununkhiza. Galu amadziwa za dera lake ndi mphuno, ndipo kumuyendetsa osamulola kununkhiza n'kumumana chimene watulukira. Ife tili ndi malo athu atatu kapena anayi pomwe ndimati "Pita," iye n'kununkhiza mpaka atakhutira. Akayenda bwino mpaka pamenepo, kununkhizako kumakhala mphoto, ndipo usipa umatsala m'thumba.

Kumasula chingwe ndi nkhani ina, yolemera kuposa yoyambayi. Galu asamasulidwe kunja kwa mpanda asanazolowere kubwera akaitanidwa, ngakhale pamene maso ake ali pa chinthu chomukopa. Ndinagula chingwe chachitali mamita 10 n'kumapita naye pa bwalo la mpira kusanabwere anthu. Ndinkamusiya atalikire, n'kuitana kamodzi kokha: "Fumbi, bwera!" Akabwera ankapeza usipa wambiri ndi kusisitidwa, kenako n'kumulola abwerere kokasewera. Kumulola kubwererako n'kofunika kwambiri. Galu amene amaitanidwa pokhapokha akafuna kumutsekera m'khola kapena kumusambitsa amazindikira msanga kuti "bwera" ndiye kutha kwa chisangalalo.

Lamulo limene linavuta kunyumba kwathu ndi lakuti galu wabwera yekha salangidwa, ngakhale atalakwa chotani. Tsiku lina Fumbi anathamangitsa nkhuku za kuseri kwa nyumba, ndipo mwana wathu wamkulu atamuitana, anabwera. Mayi a kunyumba anali atanyamula kale tsache. Ndinati, "Mayi, mukamumenya pano ndiye kuti mwamumenyera kubwera, za nkhuku waiwala kale." Anandiyang'ana ngati ndikuikira kumbuyo wakuba, komabe tsache analiika pansi. Tinagwirizananso kuti tonse tiziitana ndi mawu amodzi, chifukwa wina akamati "bwera," wina "tiye kuno," wina akuimba likhweru, galu amasokonezeka. Ana tinawauzanso kuti akathawa asamuthamangitse, poti kwa iye amenewo ndi masewera ndipo sangamupeze. Ndi bwino kumuitana n'kuthamangira kwina, iye amatsatira.

Wina angafunse kuti chovutikira n'chiyani, poti alenje kumudzi amayenda ndi agalu awo popanda chingwe. N'zoona, koma agalu amenewo amakhala ndi mbuyawo tsiku lonse, kumunda ndi kuuzimba, ndipo kucheukira mbuyawo anakuzolowera ali ana. Wam'tauni womangidwa kuyambira m'mawa mpaka usiku alibe mwayi umenewo. Akaduka tcheni amathamanga ngati wamisala, ndipo mapeto ake ndi galimoto, mlandu wa nkhuku za aneba, kapena mwana wolumidwa.

Palinso chiwewe. Galu womasuka amakumana ndi agalu osadziwika, ndipo matendawa akangoyamba kuonetsa zizindikiro, kwa galu kapena kwa munthu, sachizika. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya katemera agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20, pofuna kufikira agalu 70 pa 100 alionse, chiwerengero chimene chimadula kufala kwa matendawa. Pa mizere ya katemera m'pamene mumaonera kusiyana: ena amabwera akukwakwaza galu pa waya, ena amalephereratu kumubweretsa chifukwa sagwirika. Fumbi amabayitsa chaka chilichonse, ndipo amapita akuyenda yekha pambali panga. Munthu akalumidwa, bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo.

Phindu lina ndalipeza ine mwini. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amalangiza kuti wamkulu azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa mlungu. Ndekha sindikanakwanitsa m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, koma Fumbi amakanda chitseko 5 koloko ikangokwana, kaya kuli chiperoni.

Pano watha zaka zitatu. Pa bwalo la mpira ndimamumasula, ndipo akathamanga pang'ono amaima n'kucheuka kuona ngati ndilipo. M'mbali mwa msewu waukulu, pafupi ndi sukulu, kapena paliponse pamene pali mbuzi, chingwe sichichoka. Nkhuku anasiya kuzilabadira, koma akaona kambuzi kakudumpha makutu ake amaima, ndipo ine chingwe ndimachikulunga kawiri m'dzanja.