Kamakina Kodziwa Njira Yobwerera

Dokotala atauza bambo a m'nyumba muno kuti magazi awo akuthamanga kwambiri ndipo ayambe kuyenda pansi, tonse tinavomereza kuti ndi malangizo abwino. Mlungu woyamba anazungulira dera lathu katatu, wachiwiri kamodzi, ndipo wachitatu nsapato zinabwerera kunsi kwa bedi. Ankati kuyenda popanda kumene ukupita n'kotopetsa. Sitikanawatsutsa. Munthu amene anakula akuyenda kupita kuchigayo, kudimba ndi kusukulu sazolowera kuyenda kongoti wayendako. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa mlungu, koma nambala payokha siidzutsa munthu pampando.

Amene anatipezera kopita ndi mwana wathu wachisamba. Ku gulu la Pathfinder anamva za masewera otchedwa geocaching, omwe ali ndi baji yakeyake. Ndi chibisalirano, kungoti chobisalacho si munthu. Wina amabisa kabokosi kapena kachitini m'phanga la mtengo kapena pansi pa mwala, n'kuikamo kabuku kolembamo mayina, nthawi zinanso tizidole. Kenako amalemba pa intaneti manambala osonyeza malowo. Ofunafuna amatsata manambalawo ndi GPS, ndipo akakapeza amalemba dzina ndi tsiku m'kabukuko n'kukabwezera momwe anakapezera. Ukatengamo kanthu umasiyamo kena, ndipo kukumba pansi n'koletsedwa.

Masewerawa anayambira ku America. Chisanafike chaka cha 2000, boma la dzikolo linkasokoneza dala uthenga wa masetilaiti ake wopita kwa anthu wamba, moti GPS inkatha kuphonya malo ndi mamita pafupifupi 100. Kusokonezako kunatha pa 2 Meyi 2000, ndipo tsiku lotsatira bambo wina dzina lake Dave Ulmer anabisa ndowa yakuda pafupi ndi Beavercreek ku Oregon kuti aone ngati ena angaipeze. Anaikamo mabuku, legeni ndi chitini cha nyemba, mwa zina. Lero zobisidwa zoterezi zilipo zoposa 3 miliyoni padziko lonse, ndipo kuno ku Johannesburg kumene tikukhala n'zambiri ndithu.

Kwa miyezi ingapo tinkagwiritsa ntchito foni basi, ndipo m'mapaki a m'tauni inkatikwanira. Bambo aja omwe ankadandaula ndi msewu wa pakhomo anayamba kuyenda maola awiri osazindikira, chifukwa sankafuna kuti mzime wawo awapambane.

Lamlungu lina mu Disembala tinapita kumapiri a Magaliesberg. Tinanyamuka pagalimoto dzuwa likuswa mtengo, ndipo kuti tione zolembedwa pafoni tinachita kuiwalitsa mpaka pamapeto. Inatentha ngati mbatata yootcha ndipo batire linkatsika tikuona. Titalowa m'chigwa netiweki inasowa. Kadontho kosonyeza pamene tili kankaonekabe, koma mapu anakana kutseguka, choncho kadonthoko kanali pamalo oyera opanda njira kapena mtsinje. Kabokosiko tinakapeza. Tikulemba mayina athu m'pamene tinamva bingu loyamba. Amene anakhalapo kuno amaidziwa mvula ya masana ya m'chilimwe: imabwera ndi mkokomo, mphezi ndi matalala, ndipo siidikira kuti munthu apeze pousa. Galasi la foni litanyowa linasiya kumvera chala.

"Amayi, yazima," anatero wachisamba.

Patsogolo pathu panali tinjira tiwiri tofanana. "Ababa, kodi tinadzera uku?" mzime anafunsa, ndipo palibe anamuyankha. Tinasankha kanjira kolakwika. Tinatulukira pamsewu wina kutali ndi galimoto, kuli chisisira, bambo akupuma movutikira ndipo mwana ali kumsana. Sitingaimbe foniyo mlandu. Ndife amene sitinasungiremo mapu tisananyamuke, ndifenso amene tinathera batire lake pamasewera. Chomwe chinatisowetsa tulo usiku umenewo n'chakuti bambo akanagwa m'chigwamo, ngakhale mmodzi wa ife akanakwera pamtunda pomwe pali netiweki, analibe choimbira.

Tinakambirana zosiya. Koma masewerawa ndi okhawo amene anali atakwanitsa kuwayendetsa bambo, choncho tinagwirizana zosunga ndalama pang'onopang'ono kuti tigule kamakina ka GPS kogwira m'manja, foni izikhala m'chikwama ili yodzaza, kudikira tsoka. Kamakina kotere sikafuna netiweki kapena mayunitsi. Kamangomvetsera masetilaiti amene amazungulira pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,000, ndipo kakamva anayi kapena kuposerapo kamawerengera pamene kali. Ambiri mwa timakinati sitingaimbirepo munthu, n'chifukwa chake foni siitsala kunyumba.

Pofunafuna koti tigule, funso lathu loyamba silinali lakuti kamapeza bwanji kabokosi. Linali lakuti kodi kangatibweze? Kamakina kabwino kamakulola kulemba malo amene waima ndi kudina kamodzi kapena kawiri, ndiponso kamajambula mzere wa paliponse pamene wadutsa. Ukafuna kubwerera umakauza kuti kakutsogolere potsata mzere womwewo chobwerera m'mbuyo. Izi n'zosiyana ndi kamuvi kongoloza kumene kuli galimoto, chifukwa kamuviko kamaloza mowongoka ngati mmene mbalame iulukira, ndipo sikadziwa kuti pakati pali phompho.

Chachiwiri chinali mabatire. Ena amakonda makina a batire lomatirira m'kati lochita kutchaja, ndipo sitikuwanena. Ife tinafuna kogwiritsa ntchito mabatire a AA, amene amapezeka m'kagolosale kalikonse. Mwachitsanzo, a Garmin amanena kuti eTrex 22x ndi eTrex 32x zimatha maola okwana 25 ndi mabatire awiri otere. Timagwiritsa ntchito otchaja, koma m'kathumba ka chikwama mumakhala awiri atsopano omwe palibe amaloledwa kuwatengera m'tochi kapena m'rimoti. Lamuloli linaswekapo kamodzi, ndipo wolakwayo sanali mwana.

Za mabatani tinakangana. Ana ankafuna sikirini yaikulu yochita kukhudza ngati ya foni, ndipo n'zoona kuti polemba mawu ndi yachangu. Koma tinali titaona kale zimene galasi lonyowa limachita. Mabatani amamvera chala chamatope, chathukuta ngakhale chonjenjemera. Tinaonetsetsanso kuti pabokosi palembedwa IPX7, kutanthauza kuti kakhoza kumira m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30 osawonongeka. Kusalowa madzi sikutanthauza kuyandama, choncho tinamangirirako kachingwe kokoleka pamkono. Sikirini ya timakina tambiri totere ndi yaing'ono ndipo m'nyumba imaoneka yozilala, moti m'sitolo munthu akhoza kukhumudwa nayo. Koma inapangidwa kuti izibweza kuwala kwa dzuwa, ndiye panja masana imawerengeka bwino popanda kuyatsa nyali yake. Ngati n'kotheka, pemphani wogulitsa kuti mukaonere pakhomo, ndipo amene amavala magalasi m'banjamo ndiye aone.

Chimene sitinkachidziwa n'komwe ndi nkhani ya kampasi. Kamakina kopanda kampasi yamagetsi kamadziwa kumene wayang'ana pokhapokha ukamayenda, chifukwa kamayerekeza pamene unali ndi pamene wafika. Ukangoima, kamuvi kamasokonezeka. Kwa achinyamata othamanga ili si vuto. Kwa banja lomwe limaima pafupipafupi kuti bambo apume, kapena kukwawa pang'onopang'ono pakati pa miyala ndi minga, ndi vuto lalikulu. Kumeneku ndiko kusiyana kwina kwa mitundu iwiri tatchula ija: 32x ili ndi kampasi yotere, 22x ilibe. Ife tinaona kuti ndalama yowonjezerayo njoyenera, ndipo tinachedwetsa kugula ndi mwezi wina kuti ikwane. Kampasiyi imafuna kuiwongola nthawi ndi nthawi, makamaka ukasintha mabatire, potembenuza kamakinako monga momwe kakukuuzira.

Kulowetsa manambala pamanja nakonso kuli ndi msampha. Malo amalembedwa m'madigiri ndi maminiti okhala ndi manambala atatu pambuyo pa kadontho. Ukaphonya nambala yomaliza ndi imodzi wasuntha mamita osakwana awiri, koma ukaphonya yoyamba pambuyo pa kadonthoko wasuntha mamita 185, ndipo ukhoza kuthera masana onse ukugubuduza miyala yosalakwa. Tsiku lina mzime analemba N m'malo mwa S, kamakina n'kutiuza mosatekeseka kuti kabokosi kali pamtunda wa makilomita oposa 5,700, m'chipululu cha ku Egypt. Choncho funani kotha kulandira zonse kuchokera pakompyuta kapena pafoni musananyamuke: manambala, kukula kwa kabokosi, mawu okupatsani poyambira, ndi zimene analemba omwe anakapeza posachedwa. Onaninso manambala awiri amene chobisidwa chilichonse chimapatsidwa, kuyambira 1 mpaka 5, ina yosonyeza kuvuta kwa kuchipeza, ina kuvuta kwa njira yake. Cha ku Magaliesberg chija tikanayang'ana nambala yachiwiriyo sitikanapitako ndi mwana wamng'ono.

Pali zina zimene ogulitsa amazitama zomwe ife tinazilambalala. Kamera tili nayo kale pafoni. Mawu akuti WAAS amaoneka okopa pabokosi, koma thandizo limenelo limagwira ntchito ku North America, osati kuno kummwera kwa Africa. Chothandiza kwenikweni ndi kamakina komva masetilaiti a mayiko enanso, monga GLONASS ya ku Russia kapena Galileo ya ku Ulaya, chifukwa m'chigwa kapena pansi pa mitengo, pomwe thambo limaoneka pang'ono, kamakhala ndi ambiri oti kamvetsere.

Ngakhale zili choncho, musakhulupirire wokuuzani kuti kamakina kake kadzakuimikani pamwamba pa kabokosi. Pamtetete kamaphonya ndi mamita atatu kapena asanu, ndipo pafupi ndi thanthwe kamaphonya kwambiri chifukwa uthenga umayamba wagunda mwala usanafike m'manja mwanu. Kumbukiraninso kuti wobisa uja nayenso anali ndi kake komwe kanaphonya. Tinkataya nthawi yambiri tikuzungulirazungulira, maso ali pasikirini, kulondola kamuvi kosakhazikika. Masiku ano kakangonena kuti kwatsala mamita 10, timakaika m'thumba n'kuyamba kudzifunsa kuti tikanakhala ife tikanabisa pati. Apa m'pamene amayi amatipambana tonse. Iwo amaona mulu wa timiyala tosanjidwa bwino kwambiri, kapena khungwa logona pomwe silikanagwera lokha. Ndiwonso anakhazikitsa lamulo lakuti m'phanga mumayamba kulowa ndodo, dzanja pambuyo, chifukwa njoka ndi zinkhanira zimakonda malo omwewo amene obisa amakonda.

Tinagula kogwiritsidwa kale ntchito, kokandika pakona, kwa munthu amene anatilola kukayatsa panja ndi kudikira mpaka katapeza masetilaiti. Mankhwala awo bambo akumwabe monga anawauzira dokotala, ndipo kachipangizo koyezera magazi kali pomwe kamakhala patebulo. Nsapato zija zili pakhomo, ndipo zayamba kutha chidendene.

Mu Epulo, mvula itachepa, tinabwerera ku Magaliesberg, ulendo uno kutsata njira yosavuta. Tisanatseke zitseko za galimoto mzime anatambasula dzanja.

"Ababa, patseni ndilembe pomwe taimika."

Anadina, n'kuyang'anitsitsa ngati chilembo choyamba chili S, kenako anakoleka kachingwe pamkono n'kutsogola.