Ku Rumphi, Kwa Mnyamata Wosamaliza Udhu

Tinanyamuka ku Nkhotakota titangoswali Subuhi, tinadzera ku Nkhata Bay ndi Mzuzu, ndipo dzuwa litapendeka tinawoloka mtsinje wa South Rukuru pa Njakwa, pamene madzi amadzipanikiza pakati pa mapiri. Posakhalitsa tinalowa pa boma la Rumphi, kumene kuzizira kwa usiku kunatikumbutsa kuti nyanja tinaisiya kutali.

Tinatsatira achimwene athu amene amagulitsa usipa pamsika. Mwana wawo wachisamba, wa zaka 17, anali atasiya sukulu. Akayamba udhu sankamaliza. Amasamba m'manja, nakaika ngati wasambadi katatu, nayambiranso, mpaka chidebe kutha ndipo nthawi ya Swala kudutsa. Khungu la m'manja linali litang'ambika.

Aneba Achitumbuka, anthu okoma mtima, anati ayesere vimbuza, gule wochiritsa amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005. Achimwene anakana mwaulemu. Koma nawonso ankangoti mwanayo wagwidwa ndi majini.

Shehe wa pamzikiti ndiye anatsegula maso athu. Anati awa ndi waswasa, ndipo Chisilamu sichilamula munthu kubwereza udhu chifukwa cha kukaika chabe. Anatikumbutsanso za Abu Zayd al-Balkhi, katswiri wa Chisilamu amene anamwalira mu 934, yemwe analemba za maganizo obwerezabwereza ngati matenda ofuna chithandizo. Kenaka anati, "Duwa tipanga, koma mupitenso naye kuchipatala."

Kwa ife a kumwera, tikamva za matenda a maganizo timangoganiza za Zomba Mental Hospital, ndipo mantha amatigwira. Kumpoto kuno anthu amapita ku St John of God ku Mzuzu, kumene Abale Achikatolika anayamba ntchitoyi m'zaka za m'ma 1990, ndipo safunsa kuti ndiwe wa chipembedzo chanji.

Mlangizi amene anationa kumeneko anati achingerezi amawatcha matendawa OCD. Njira yake inatidabwitsa. Mnyamata azichita udhu kamodzi, kenaka achoke pamadzi ngakhale mtima ukugunda ndi nkhawa. Nkhawayo imakwera, koma ikapanda kudyetsedwa imatsika yokha. Njirayi anayamba kuigwiritsa ntchito Victor Meyer ku London mu 1966. Ena amafunikanso mankhwala akumwa.

Chovuta chinagwera ife. Mlangiziyo anati mnyamata akafunsa kuti, "Amayi, kodi ndasamba bwino?" asamayankhidwe mobwerezabwereza, pakuti yankholo ndi nkhuni pamoto. Alamu athu anagwetsa misozi. Kwa mayi kukhala chete mwana akuvutika si chapafupi. Apa tinakumbuka Pulofesa Chiwoza Bandawe, katswiri wa za maganizo amene anaphunzitsa madokotala zaka zambiri ku College of Medicine ku Blantyre. Buku lake la mu 2010, Practical uMunthu Psychology, limaika umunthu patsogolo: Mmalawi sadwala yekha, ndipo sachira yekha. Tinaziona ndi maso, pakuti Shehe, amayi ndi mlangizi aliyense anali ndi mbali yake.

Tinakhala masabata atatu. Tsiku la Ijuma lomaliza mnyamata anachita udhu kawiri, osati kamodzi monga anauzidwa, komabe anapeza khutuba isanathe. M'mawa mwake anatiperekeza kudepoti atasenza thumba lathu la nyemba, ndipo anatipempha kuti tikabwera tidzamutengere chambo chouma.