Chepetsani Zithunzi, Koma Sungani Zoyamba

Ife a m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, m'boma la Machinga, tili ndi ana athu ku Johannesburg amene amalakalaka kuona nkhope za kumudzi. Koma chithunzi chimodzi cha pa foni chingathe kulemera mamegabaiti 4. Munthu akatumiza zithunzi 50 zosachepetsa, bandulo imatha abale asanaone n'komwe.

Mdzukulu wanga anandiphunzitsa pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa IrfanView, imene Irfan Skiljan anaitulutsa m'chaka cha 1996. Ndimasankha zithunzi zonse, n'kulemba msinkhu umene ndikufuna, ndipo imazichepetsa pamodzi.

Komabe pali chimene ndimaopa. Asodzi athu amayanika nsomba kuti zipepuke pa ulendo, koma nsomba youma sikhalanso yaiwisi. Chithunzi chikachepetsedwa, timadontho take tambiri timatayika kotheratu. Tsiku limene mudzafune kukulitsa nkhope ya agogo kuti muikoleke pa khoma, idzaoneka mwachimbuuzi.

Tsono inu achinyamata, pothandiza makolo anu, ikani zithunzi zochepetsedwazo pa malo ena, ndipo zoyambazo musazifufute. Ana amene sanabadwe adzafuna kudziwa agogo awo.