Timawu ting'onoting'ono timene timagwetsa ana athu m'Chingerezi

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'kalasi mwanga, pali chinthu chimene ndachiona pa zaka zonse zimene ndagwira choko. Mawu a Chingerezi amene amasautsa ana athu si ataliatali aja ayi. Mwana wa Fomu 3 akhoza kukulemberani "extinguish" osaphonya lemba ndi limodzi lomwe, koma mukamufunsa kusiyana kwa "put out", "put off" ndi "put up with" amayamba kuyang'ana kudenga ngati yankho lalembedwa pamalata. Chonsecho timawuto ndi takupulayimale: put, get, take, look, up, off, out. Mneni akangotsatana ndi kamuonjezi kapena kamperekezi, tanthauzo limathawa. Amenewa ndiwo ma phrasal verb.

Vutoli si lathu lokha, ndipo silinayambe lero. Samuel Johnson, m'mawu oyamba a dikishonale yake ya mu 1755, ananena kale kuti kaphatikizidwe ka mawu kameneka ndi kamene kamazunza kwambiri alendo ophunzira Chingerezi. Dzina loti phrasal verb linadzafala mochedwa, kudzera m'buku la Logan Pearsall Smith la mu 1925.

Chingerezi chimakonda kukhala ndi njira ziwiri zonenera chinthu chimodzi. Anthu a ku Normandy atalanda dziko la England mu 1066, mawu ambiri a Chifalansa analowa m'Chingerezi, ndipo a Chilatini analowanso kudzera m'tchalitchi ndi m'maphunziro. N'chifukwa chake pali "give up" ndi "surrender", "put off" ndi "postpone", "go in" ndi "enter". Ataliataliwo anakhazikika m'makhoti ndi m'mabuku, afupiafupiwo anatsala pakamwa pa anthu kunyumba ndi kumsika. Ife kuno Chingerezi tinachilandirira kusukulu, m'mabuku, ndiye tinatola mbali yaitaliyo n'kumaiona ngati ndiyo Chingerezi chakupsa. Mwana akalemba kuti "I disembarked from the minibus" anzake amamuombera m'manja. Mngerezi akhoza kungoti "I got off", basi.

Zimenezi si zoseketsa chabe. Pa mayeso a MSCE, wolephera Chingerezi salandira satifiketi ngakhale masamu ndi sayansi atakhoza bwanji, ndipo mafunso a galamala sasowa timawu timeneti. Inu amene muli pantchito ku Johannesburg, kapena mukusamala okalamba ku Britain, mukudziwa bwino kuposa ine. Bwana sakuuzani kuti "extinguish". Tsiku lonse ndi "wash up", "sort out", "drop off", "hand over", ndipo amalankhula mothamanga. Munthu woti anakhoza bwino Chingerezi ku Fomu 4 amangoima, osadziwa chochita.

Nanga timaphunzitsa bwanji? M'masukulu ambiri mphunzitsi amadzaza bolodi ndi mndandanda: break down, break in, break out, break up, mpaka kukafika ku turn. Ana amakopera, kuloweza usiku wa mayeso, n'kuiwala mawa lake. Sindikuwada anawo. Mndandanda wotere umauza mwana kuti Chingerezi n'chinenero chamisala chopanda mutu, pamene chinthu chomwecho ali nacho kale pakamwa pake.

Taganizirani mneni woti kumva. Kumvera n'kutsatira zimene wauzidwa. Kumvana n'kukhala pa ubale wabwino. Kumvetsa n'kuzindikira tanthauzo, kumvetsera n'kutchera khutu, kumveka n'kutchuka. Muzu ndi umodzi, koma kachidutswa kakang'ono kakumapeto kakusintha zonse. Mlendo wophunzira Chichewa amalira ndi zimenezi monga momwe ife timalirira ndi look after, look for, look into ndi look down on. Kusiyana kwake n'kwakuti ife kachidutswako timakamata pamneni, pamene Angerezi amakasiya padera ngati liwu loima palokha. Zimene anzathu ophunzitsa Chichewa amazitcha msintho wa aneni zikugwira ntchito yofanana kwambiri ndi ya up, off ndi out.

Ena amachita kugwirizana ndendende. Kuyang'ana ndi "look", kuyang'anira ndi "look after". Kupita ndi "go", kupitiriza ndi "go on". Kubwera ndi "come", kubwerera ndi "come back" kapena "go back", kubweza ndi "give back". Ndikalemba vala ndi vula pabolodi, kenako mata ndi matula, yala ndi yalula, ana amaona okha kuti kachidutswa ka -ula kakugwetsa zimene mneni woyamba anamanga. Ndikaika pambali pake "put on" ndi "take off", "switch on" ndi "switch off", sipafunikanso kulongosola kwambiri kuti off amanena za kuchotsa, kulekanitsa kapena kuzimitsa. Ndege ikachita "take off" ndiye kuti yalekana ndi nthaka. Wantchito akachita "knock off" ndiye kuti waweruka, walekana ndi ntchito ya tsikulo.

Amene amandisangalatsa kwambiri ndi up. Ana amadziwa kuti up ndi m'mwamba, ndiye akamva "eat up" amadabwa kuti chakudya chikwera bwanji m'mwamba. Koma up ameneyu ndi -ratu wathu uja. "Eat up" ndi idyeratu, "drink up" ndi imweratu, "use up" ndi kugwiritsiratu ntchito mpaka chinthu chithe, "burn up" ndi kupsereratu. Mwana akagwira kamodzi kameneka watsegula aneni ambirimbiri amene akanawaloweza limodzilimodzi. Choncho ine ndimaphunzitsa potsata kamawu kakang'onoko osati mneni: sabata ino off, sabata yamawa up, kenako out.

Pali kalamulo kamodzi koyenera kuthera nthawi, ka malo amene kamawuko kamakhala. Mukhoza kunena "turn off the radio" kapena "turn the radio off", zonse n'zolondola. Koma mukaika mlowam'malo, ayenera kulowa pakati: "turn it off", osati "turn off it". Pamene "look after the baby" salola kudulidwa. N'zosatheka kunena "look the baby after". Chifukwa chake n'chakuti off apa ndi muonjezi, ndipo amatha kusuntha, pamene after ndi mperekezi, amene sachoka patsogolo pa dzina limene akuliperekeza. Nthawi zina mawu omwewo amagwira ntchito zonse ziwiri. "She turned on the radio" ndiye kuti anayatsa wailesi, ndipo mukhoza kunena "turned it on". Koma "the dog turned on its owner" ndiye kuti galu anaukira mbuye wake, ndipo apa on sasuntha.

Tilinso ndi Chingerezi chathuchathu cha kuno. Timati "I will pick you at five", kusiya up, pamene kwa Mngerezi "pick" payekha ndi kusankha kapena kuthyola. Timati "discuss about", ndipo ine ndimaona kuti about ameneyu ndi za wa m'mawu oti kukambirana za. Timati "cope up with", mwina posakaniza "cope with" ndi "keep up with". Pocheza patokha timamvana bwinobwino ndipo sindiona chifukwa chochitira manyazi. Koma wochonga mayeso adzadula, ndiye mwana ayenera kudziwa kuti ichi n'cha pamsewu, ichi n'cha papepala. Chenjezo lina ndi la "pass out". Kwa apolisi ndi asilikali ndi kumaliza maphunziro, paja pamakhala perete. Kwa anthu wamba ndi kukomoka. Ndipo mwana akasokoneza ndi "pass away" m'kalata, kunyumba kugwa maliro a munthu wamoyo.

Mnzanga wina wa m'dipatimenti yathu sagwirizana nane. Iye amati Chichewa chisamveke m'phunziro la Chingerezi, apo ayi ana azolowera kumasulira m'mutu. Nkhawa yake ndimaimva. Koma mwana amamasulira m'mutu ndithu, timulole kapena timuletse, ndipo kuli bwino amasulire poyera pamene ine ndingamukonze. Mphindi zisanu za vala ndi vula sizingaphe Chingerezi cha munthu. Ndivomerezenso kuti njirayi siifika ponseponse. "Put up with", kupirira, sagwirizana ndi put, up kapena with. Ameneyo ngoloweza basi, monga momwe mlendo amalowezera kuti kumveka n'kutchuka. Oterewa amalowa bwino mwana akamawamva pawailesi ndi kuwapeza m'nkhani zimene akuwerenga.

Pempho langa likupita kwa inu ophunzitsa Chichewa. Mukamakonza ndondomeko ya ntchito ya teremu, tiuzeniko sabata imene mudzaphunzitse msintho wa aneni. Ife a Chingerezi tidzaike ma phrasal verb sabata yotsatira, ana akadali ndi matula ndi yalula m'makutu.